Kodi Mumadziwa? Za Kagalu Kotsala Pakhomo Inu Muli ku Ntchito

M'makomo ambiri a m'tauni, kaya ndi ku Area 25, ku Chilomoni kapena ku Chibavi, geti limatsekedwa 7 koloko isanakwane. Bambo athamangira minibasi, mayi akwera kabaza, ana atsogola kale ndi zikwama kumsana. Woyamba kubwerera afika dzuwa litapendeka. Pakatipa pali maola 9 kapena 10, ndipo kuseri kwa nyumba kwatsala kagalu ka miyezi iwiri kamene kabwera sabata yathayi. Lero tikambe za maola amenewo.

Kodi mumadziwa kuti kagalu ka miyezi iwiri sikangasunge mkodzo kupitirira maola awiri kapena atatu? Madokotala a ziweto amawerengera mwachidule chonchi: mwezi umodzi wa msinkhu, ola limodzi lopirira. Ka miyezi itatu maola atatu, ka miyezi inayi maola anayi. Chikhodzodzo chake n'chaching'ono, ndipo minofu yotseka njira ya mkodzo imayamba kugwira bwino ntchito pakati pa miyezi inayi ndi 6. Mukafika madzulo n'kupeza chithaphwi pakhonde, kagaluko sikanachite mwano. Thupi lake silinafike posunga.

Kodi mumadziwa kuti kamagona maola 18 mpaka 20 pa tsiku? Apa mtima ukhaleko pansi, chifukwa sikafuna munthu woti azikasewera nako kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Koma tulo take n'tapatalipatali. Kagona ola limodzi kapena awiri, kadzuka, kafuna kukodza nthawi yomweyo, kafuna chakudya, kasewera pang'ono, kagonanso. Chofunika ndi munthu wopezeka pa nthawi zodzukazo.

Kodi mumadziwa kuti ana agalu amabadwa osaona ndi osamva? Maso amatseguka pakatha masiku 10 mpaka 14, makutu n'kutsatira. Ayenera kukhala ndi mayi wawo ndi abale awo mpaka atakwanitsa masabata 8, ngakhale atayamba kale kudya phala. M'masabata omalizawo ndi mmene amaphunzira kuti kuluma kumapweteka: wina akaluma mnzake mwamphamvu, wolumidwayo amalira n'kusiya masewera. Tiagalu togulitsidwa m'manja m'mphepete mwa misewu ya m'mizinda yathu nthawi zambiri timakhala tosakwana msinkhu umenewu, poti kakang'onong'ono ndi kamene kamagwira mtima wa wogula. Koteroko kukatsekera kokha tsiku lonse n'kuika moyo wake pachiswe.

Kodi mumadziwa kuti kagalu kosakwana miyezi itatu kamafunika kudya kanayi pa tsiku? Kuyambira miyezi itatu mpaka 6 ndi katatu, kenako kawiri. Mimba yake silandira zambiri nthawi imodzi, ndipo thupi silinayambe kusunga shuga wokwanira, moti kakakhala maola ambiri osadya kamafooka, kunjenjemera, mwinanso kukomoka. Izi zimagwera kwambiri tiagalu ta mitundu ing'onoing'ono. Kudzaza beseni m'mawa kuti kazidya kokha sikuthandiza. Kamadya mopyola muyezo n'kusanza, zotsalazo n'kukhala za nyerere, ntchentche ndi akhwangwala, ndipo pofika masana phala lasasa.

Mkute wothira msuzi wotsala si chakudya cha kagalu kamene kakukula. Ufa wa chimanga umapereka mphamvu, koma zomanga thupi ndi kashiamu wolimbitsa mafupa mumachepa. Ngati chakudya cha m'sitolo cholembedwa kuti n'cha ana agalu chakulirani mtengo, phikani phala la mgaiwa, muthiremo usipa kapena bonya wosinja wopanda mchere, dzira lowiritsa ndi nkhwani pang'ono. Timafupa ta usipa wosinjawo ndiye kashiamu wake. Mkaka wa ng'ombe wokha ayi: ana agalu ambiri umawatsegula m'mimba, chifukwa akasiya kuyamwa thupi limachepetsa mphamvu yogaya shuga wa mumkaka.

Kodi mumadziwa kuti bungwe la RSPCA la ku Britain, lomwe linayamba mu 1824, limalangiza kuti ngakhale galu wamkulu asamasiyidwe yekha kupitirira maola anayi? Ku Sweden anachita kuzilemba m'malamulo: galu azitulutsidwa panja asanadutse maola 6 masana, ndipo kagalu kosakwana miyezi inayi kasamasiyidwe kokha kupatula kwa kanthawi kochepa.

Wina anena kuti izo n'za kunja. Ine ndimaona kuti pa nkhani imeneyi mwayi uli ndi ife. Kumeneko anthu amalipira ndalama zambiri kuti wina abwere kudzaona galu masana. Kuno pamakomo ambiri sipasowa munthu. Pali wantchito wa m'nyumba, pali wosamalira maluwa, pali agogo, pali mphwanu amene akudikira zotsatira za mayeso a MSCE, pali aneba ogulitsa tomato ndi makala pageti pawo. Pamene timalakwitsa m'pakuti anthuwa sitiwauza chochita. Timangoti "muzikaonako kagaluko" uku tikutuluka, ndipo munthuyo amakasuzumira kamodzi, n'kuona kuti kali moyo, basi wathana nazo.

Nenani zomveka, ndipo ngati n'kotheka muzilembe papepala n'kumata pachitseko. Mwachitsanzo: "Achimwene, 10 koloko ikakwana mukatulutse kakadzithandize paja pa kapinga, kakatero mukasisite kadziwe kuti kachita bwino. Ikamati 1 koloko mukapatse chakudya chili m'bakuli lofiirali, ndayeza kale, kenako mukatulutsenso. Madzi musinthe. Cha m'ma 3 mukatulutsenso. Kakasanza kapena kukana kudya, mungondiflasha, ine ndiimba." Ulendo uliwonse ndi mphindi 15 kapena 20 zokha. Malo odzithandizira akhale amodzimodzi tsiku lililonse, chifukwa fungo la dzulo ndi limene limakakumbutsa chimene kabwerera pamenepo.

Pali ziwiri zimene sindifuna kuti tizilumphe. Iyi ndi ntchito yowonjezera, choncho pamalipiro pawonekenso kanthu. Kwa aneba, ngakhale paketi ya shuga pakutha pa mwezi imasonyeza kuti mukuona zimene akuchita. Komanso yambani mwafunsa. Ena amaopa agalu chifukwa analumidwapo, ena chipembedzo chawo sichiwalola kukhudza galu. Munthu wokakamizidwa amangokankhira mbale ndi phazi n'kutseka. Ndipo mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale galuyo akhale wochepa bwanji.

Kodi mumadziwa kuti kulira kwambiri kumachitika mu theka la ola loyamba mutangochoka? Ofufuza amene amaika makamera m'nyumba amapeza zimenezi kawirikawiri: kukanda chitseko, kulira ndi kuzungulirazungulira kumafika pachimake mwini atangotuluka. N'chifukwa chake inu simudziwa, amadziwa ndi aneba. Kukhala kokha n'chinthu chimene kagalu kamachita kuphunzira, poti chibadwire kakhala kakugona mothinana ndi abale ake. Katengeni Lachisanu madzulo, kapena pamene muli pa tchuthi. Loweruka kasiyeni pamalo pake mphindi imodzi, mubwere. Kenako zisanu, kenako 10, kenako theka la ola. Muzibwerera kali chete, osati pamene kakulira. Tsiku la ntchito dzukani mofulumirako ndi theka la ola, mukatulutse, musewere nako mpaka katope, mukadyetse, mukatulutsenso. Potuluka musatsanzike mokokomeza. Kapatseni chotafuna, inu n'kutuluka mwakachetechete.

Kodi agalu amadziwa kuti mwachedwa? Mu 2011 Therese Rehn ndi Linda Keeling a ku yunivesite ya zaulimi ku Uppsala, Sweden, anajambula agalu 12 atasiyidwa okha kwa mphindi 30, maola awiri, ndi maola anayi. Eni ake atabwera pambuyo pa maola awiri kapena anayi, agaluwo anawalandira ndi chisangalalo chachikulu kuposa atangochoka theka la ola: kugwedeza mchira kwambiri, kudzikutumula, kunyambita milomo. Kutalika kwa nthawi amakumva ndithu.

Kodi mumadziwa kuti mphuno ya galu ikhoza kukhala ndi timaselo tonunkhizira tofika 300 miliyoni, pamene ya munthu ili ndi pafupifupi 6 miliyoni? Gregory Berns wa ku Emory University mu mzinda wa Atlanta anaphunzitsa agalu kugona phee m'makina ojambula ubongo a MRI, n'kumawanunkhizitsa mafungo asanu: la iwo eni, la galu wodziwika, la galu wachilendo, la munthu wachilendo, ndi la munthu wa pakhomo pawo. Mbali ya ubongo yokhudza chisangalalo inagwira ntchito kwambiri pa fungo la munthu wa pakhomoyo. Ndiye tisheti yanu yakale imene mwagona nayo usiku, yosachapa, yopanda mabatani, iikeni pamene kagalu kamagona. Sikuwonongerani ndalama iliyonse.

Okonda reggae, iyi ndi yanu. Mu 2017 bungwe la Scottish SPCA ndi University of Glasgow anayesa mitundu isanu ya nyimbo pa agalu osungidwa m'makola. Nyimbo zikamaimba agalu ankagona pansi nthawi yaitali, ndipo kagundidwe ka mtima kanasonyeza bata lalikulu pa reggae ndi soft rock. Wailesi ya mabatire imathandiza, ngakhale magetsi atazima. Koma ikhale yotsitsa, ndipo iikidwe pamwamba pomwe kagalu sikangafike. Makutu a galu amamva mawu opyapyala opitirira 45,000 hertz, pomwe a munthu amathera pa 20,000.

Kodi mumadziwa kuti kagalu kali ndi mano 28, ndipo galu wamkulu ali ndi 42? Kugweluka kumayamba cha pa miyezi inayi n'kutha pa miyezi 6 kapena 7. Nthawi yonseyi nkhama zimayabwa, ndipo kutafuna ndiye mankhwala ake. Mukapanda kukasankhira, kasankha kokha: patapata, mwendo wa mpando, tchaja ya foni. Kapatseni chingwe chokhuthala chomanga mfundo zolimba, chidole cha labala cholimba, kapena karoti wozizira. Nsapato yakale ayi, chifukwa sikasiyanitsa yakale ndi yopita nayo kutchalitchi. Ndipo chenjerani ndi zinthu zitatu zimene zimangopezeka pabwalo: chitsononkho, njere ya mango, ndi mafupa ophika a nkhuku. Chitsononkho ndi njere ya mango sizigayika, zimakatseka matumbo mpaka kufunika opaleshoni. Mafupa ophika amasweka mosongoka n'kubaya kukhosi kapena m'matumbo.

Musanakasiye pamalo, gwadani pansi muyang'ane malowo muli chogwada. Muona zimene simuziona mutaimirira: nthambo ya magetsi yotsika kuseri kwa firiji, ndowa ya madzi yosavundikira imene kagalu kangagweremo chamutu n'kulephera kutuluka, mbaula imene makala ake sanazime, thumba la feteleza lotseguka, paketi ya Actellic yotsala pothira chimanga, mpata wa pansi pa geti. Choopsa kuposa zonsezi ndi Temik, timibulu takuda tija anthu amaphera makoswe. Pang'ono pokha pamapha galu m'kanthawi kochepa, ndipo kudya khoswe wofa ndi poizoni nakonso n'koopsa. Zizindikiro zake ndi dovu lambiri, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kunjenjemera. Zikaoneka, thamangirani kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Pakhomo pamene pali kagalu, makoswe muwatchere ndi msampha.

Izi muwauze onse a pakhomo. Anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimawononga maselo ofiira a magazi a galu, choncho ndiwo zotsala zokazingira anyezi wambiri zisamapite m'mbale yake. Chokoleti chili ndi theobromine, amene thupi la galu limachedwa kumuchotsa. Mphesa, zaziwisi ndi zouma zomwe, zikhoza kuwononga impso. Mtedza wa macadamia, umene umalimidwa ku Thyolo ndi ku Ntchisi, umafooketsa miyendo yakumbuyo. Chingamu chokhala ndi xylitol chimagwetsa shuga wa m'magazi mwadzidzidzi. Brufen amayambitsa zilonda m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo Panado musakapatse dokotala asananene.

Kodi mumadziwa kuti galu satuluka thukuta thupi lonse? Thukuta lake lenileni limatulukira kumapazi kokha. Kwinaku amadziziziritsa potulutsa lilime n'kumapuma mwawefuwefu. Thupi lake likakhala bwino limatentha madigiri 38 mpaka 39, ndipo likapitirira 41 ziwalo zam'kati zimayamba kuwonongeka. Ganizirani tsono kakhola ka malata pansi ndi pamwamba mu Okutobala, mwezi umene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumadutsa madigiri 40. Masana imakhala ng'anjo. Chimene ambiri timaiwala n'chakuti mthunzi umayenda. Pamene pali mthunzi wa mango 7 koloko m'mawa, pofika 12 pali dzuwa loswa mtengo. Lamlungu likudzali khalani pakhomo muone malowo m'mawa, masana ndi chakumadzulo, ndipo muike dzanja pa simenti. Likakuotchani, mapazi a kagalu akupsanso.

Madzi akhale m'mbale ziwiri, malo osiyana, zolemera kapena zoikamo mwala woyera, chifukwa imodzi katayiratu posewera. Wotsala pakhomo akaona kagalu kakupuma movutika, dovu lili chuchuchu, nkhama zafiira, kakudzandira, akanyamulire pamthunzi, akathire madzi ozizirira thupi lonse, akakupize, kenako kwa dokotala. Mu Juni ndi Julayi vuto limatembenuka. Ku Dedza, ku Mzuzu, ndi ku Blantyre kukagwa chiperoni, kagalu kogona pa simenti yopanda kanthu kamazizidwa msanga. Thabwa lokwezeka pang'ono ndi chiguduli chouma zimakwanira.

Kodi mumadziwa kuti tcheni chimawonjezera ngozi yoluma? Kafukufuku wina wa mu mzinda wa Denver ku America, amene anatuluka mu 1994, anayerekeza agalu amene analumapo anthu ndi amene sanalumepo, ndipo kumangidwa pabwalo kunapezeka kuti kumakweza ngoziyo pafupifupi katatu. Kwa kagalu pali ngozi inanso ya pompopompo: kamazungulira mtengo mpaka tcheni chafupika, madzi sikangawafikire, kapena kadumpha kakhoma n'kudzipachika. Kampanda ka waya kapena ka matabwa pakhonde, kokhala ndi mbali yogona, mbali ya madzi ndi mbali yodzithandizira, n'kabwino kutalitali kuposa tcheni.

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa pali chikhulupiriro chimene chawononga agalu ambiri. Amati ukafuna galu wolusa, umutsekere m'kakhola ka mdima akadali wamng'ono, asamaone anthu, uzimutsegulira usiku wokha. Ena amawonjezera tsabola kapena chamba m'chakudya. Chamba kwa galu ndi poizoni: amadzandira, amakodzedwa, amafooka. Tsabola amangomuotcha m'kamwa ndi m'mimba. Palibe kulimba mtima kumene kumachokera m'mbale.

Za kutsekerako, John Paul Scott ndi John Fuller anaphunzira ana agalu mazanamazana kwa zaka zoposa 10 ku Bar Harbor, m'chigawo cha Maine ku America, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1965. Anapeza kuti pali nyengo yaifupi, kuyambira masabata atatu mpaka cha pa 12, imene kagalu kamazolowera mosavuta chilichonse chimene kakumana nacho. Ofufuza a pamalo omwewo anaonanso kuti ana agalu amene sanakhudzidwe ndi munthu mpaka masabata 14 anakula amantha, ovuta kwambiri kuweta. Nyengo imeneyi ndi yomweyo imene kagalu kanu kakutsala kokha pakhomo. Galu wokulira mumdima sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa aneba wodzatola mpira, kapena apongozi obwera kudzacheza. Amaluma chifukwa cha mantha, ndipo olumidwa kawirikawiri ndi osalakwa. Mlonda wabwino ndi galu amene amadziwa bwino anthu a pakhomo ndi phokoso la tsiku ndi tsiku, moti chachilendo amachizindikira msanga. Kuuwa pageti kumabwera kokha akakula, kaya ndi wachikuda kapena wachizungu. Choncho kagalu kaone ana, akuluakulu, njinga, nkhuku, munthu wovala chipewa, wonyamula ambulera, zonsezi mwamtendere ndiponso pang'onopang'ono.

Kodi mumadziwa kumene mphutsi za pakhungu zimachokera? Pali ntchentche imene imaikira mazira pa mchenga wa pamthunzi pamene pali fungo la mkodzo kapena chimbudzi, ndiponso pa nsalu zachinyezi. Mazirawo amaswa m'masiku ochepa, timphutsi n'kumadikira. Kagalu kakagona pamenepo timaboola khungu n'kumakulira momwemo masiku 8 mpaka 12. Mukakatembenuza chagada mupeza timatuza pamimba, m'khwapa, kumchira ndi pakati pa zala, chilichonse chili ndi kabowo pakati, ndipo mukayang'anitsitsa muona kanthu koyera kakusuntha m'kabowomo. Khungu la kagalu n'lopyapyala, ndipo kotsekeredwa malo amodzi kamakodza pomwe kamagona, zimene ntchentcheyo ikufuna. Nyengo ya mvula zimanyanya. Pakani Vaseline pakabowo kuti mphutsi isowe mpweya, ikayamba kutuluka mufinye pang'onopang'ono kuti isaphulikire m'kati, kenako mutsuke chilondacho. Zikachuluka, pitani nako kwa dokotala. Zogonera zake, kuphatikizapo tisheti ija, zisakhale padothi. Muzizichapa, ziume bwino, ndipo muzizisita. Mukatembenuza kagaluko, yang'ananinso nkhupakupa m'makutu ndi m'khosi, chifukwa zimafalitsa matenda otha magazi.

Kodi mumadziwa kuti kachilombo ka parvo kangalowe pakhomo panu ndi nsapato? Matendawa anadziwika mu 1978 ndipo m'zaka zochepa anafalikira dziko lonse. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mwinanso kupitirira chaka. Kagalu kamayamba kukana kudya, kusanza, kenako kutsegula m'mimba kwa magazi kwa fungo loipa kwambiri. Kamene m'mawa kanangooneka kofooka, madzulo mukhoza kukapeza madzi atatha m'thupi, maso atalowa m'kati. Ichi ndi chifukwa china chimene diso la masana likufunikira: kothamangira nako msanga n'kuikidwa dilipi kamakhala ndi mwayi waukulu wochira. Katemera woyamba ndi pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi mpaka kakwanitse masabata 16. Asanathe katemerayu, wotsala pakhomo asakatulutse kunja kwa geti, ndipo agalu oyendayenda asalowe. Pamalo pamene padwalira galu, tsukani ndi Jik: muyezo umodzi wa Jik, miyezo 30 ya madzi, n'kusiya mphindi 10.

Ana agalu ambiri amabadwa ali kale ndi njoka zam'mimba, zochokera kwa mayi wawo akadali m'mimba kapena kudzera mumkaka. Kamimba kotupa pa thupi lowonda nthawi zambiri si kukhuta. Mankhwala ake ndi masabata awiri aliwonse mpaka masabata 12, mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse. Mazira a njokazi amadwalitsanso ana osewera padothi, koma amafunika masabata awiri kapena kuposa ali panja kuti akhwime. Wowola chimbudzi cha galu tsiku lililonse amawadula asanafike poopsa.

Kodi mumadziwa kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lapansi? Bungwe la WHO limati pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangooneka, kuchira kulibe. Koma agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufalikira. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito yake mu mzinda wa Blantyre n'kubaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ndi chiwewe ku chipatala cha Queen Elizabeth anachepa kwambiri. Kagalu kamabayidwa pa miyezi itatu, koma obaya akafika m'dera lanu, pitani nako ngakhale kasanakwanitse, n'kudzabwerezanso pambuyo pake. Nthawi zina amayenda khomo ndi khomo inu muli ku ntchito, choncho wotsala pakhomo adziwe kuti mwavomereza, ndipo khadi la katemera adziwe pamene lili. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu wosadziwika katemera wake, ngakhale kagalu, atsuke balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Pa 28 Seputembala, tsiku limene Louis Pasteur anamwalira mu 1895, dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Katemera wa matendawa amene iye anapanga ndi amene anayamba kubayidwa kwa munthu mu 1885.

Kodi mumadziwa kuti nkhope yogwa imene galu amaonetsa mukamukalipira si kuvomera mlandu? Mu 2009 Alexandra Horowitz wa ku Barnard College, New York, anayesa agalu 14. Mwini ankaletsa galu kudya kanthu n'kutuluka m'chipinda. Pobwera ankauzidwa kuti galu wadya kapena sanadye, ndipo nthawi zina ankauzidwa zosiyana ndi zimene zinachitika. Makutu ogwa, mutu wozyolika ndi mchira wopanira pakati pa miyendo zinkaoneka kwambiri pamene mwini wakalipa, kaya galuyo anadya kapena ayi. Kagalu kamalumikiza chilango ndi chimene kakuchita pa kamphindi komweko. Patapata kanatafuna 10 koloko m'mawa, inu mwafika 6 koloko madzulo kakukuthamangirani ndi chimwemwe, n'kukalandira ndi chikwapu. Chimene kaphunzira n'chakuti kubwera kwanu n'koopsa. Kukhutiza mphuno yake pamkodzo nakonso sikuphunzitsa kanthu koma mantha. Mukafika, katulutseni kaye panja, kenako mukolope mwakachetechete, ndipo mawa patapatayo ikhale pamwamba.

Kodi mumadziwa kuti si lamulo kuyamba ndi kagalu? Galu wamkulu wa chaka chimodzi kapena ziwiri amadya kawiri pa tsiku, amasunga mkodzo maola 6 kapena kuposa, mano anatha kale kugweluka, ndipo khalidwe lake mumaliona musanamutenge. Bungwe la LSPCA ku Lilongwe limasunga agalu otere amene akufuna makomo. Ngati mwayang'ana bwino ndipo palibiretu munthu woti azifika pakhomo panu masana m'miyezi inayi yoyambayi, kagalu ka masabata 8 musakatenge panopa. Dikirani tchuthi chanu, kapena sukulu zikatsekera, kapena tengani galu wamkulu.